Khonde lili kuti, iwe?

Chitakale, Mulanje
Lachitatu usiku

Mnzanga,

Kalata yako yandipeza Loweruka. Mlamu wako atangotsika basi ya ku Joni anafikira kuno asanapite n'kwawo komwe. Ndalama zafika zonse, usade nkhawa, ndipo jekete landikwana ngati unachita kundiyeza. Labweranso pa nthawi yake, chifukwa chiperoni chatigwira sabata yathunthu, phiri silikuoneka n'komwe, zovala pachingwe sizikuuma.

Koma pulani ya nyumba imene unaika mu envelopu ija yandisowetsa tulo. Ndaitembenuza uku ndi uku, mpaka ndinaitana amake Mphatso poganiza kuti mwina maso angawa ndi amene akalamba. Nawonso afufuza osalipeza. Khonde lili kuti, iwe? Zaka zisanu ndi ziwiri zokha ku Joni, waiwala kale mvula ya kwanu? Denga walibisa kuseri kwa khoma, ati madzi azitsikira m'paipi. Papepala ndi yokongola, sindikukana. Koma kuno ndi ku Mulanje, kumene mvula imagwa masiku atatu osakata, mphepo n'kumaimenyetsa kukhoma ngati munthu akuthira ndi beseni. Masamba a mango akadzangotseka paipiyo, madzi onse adzathera m'siling'i, pulasitala n'kuyamba kumatuka.

Ukukumbukira ulendo wathu wa Sitandade 8, atatitengera ku Blantyre pa lole? Iwe maso anali pa mandasi basi, ndiye ndikukumbutse zimene tinaona. Nyumba ya Mandala ija anaimanga mu 1882 a kampani ya African Lakes, patangopita zaka zisanu ndi chimodzi amishoni a ku Scotland atakhazikitsa Blantyre mu 1876. Dzinalo linachokera pa magalasi amene John Moir ankavala. Ndinapitakonso chaka chatha, ndinaima panja nthawi yaitali ndikuiyang'ana. Nyumba yosanja, ya njerwa ndi dothi, zaka zoposa 140, koma ili chilili. Chaisunga n'chiyani? Khonde. Mvula imathera pa denga ndi pa nsanamira, khoma limangoionera patali. Tchalitchi cha St Michael and All Angels nachonso, chimene David Clement Scott anamangitsa kuyambira 1888 mpaka 1891, njerwa zake anaumba ndi kuwotcha pomwepo. Munthuyo sanaphunzire za zomangamanga, ndipo amene anagwira chikombole ndi kusanja njerwazo anali anthu akuda a konkuno. Ndikamayang'ana khoma limene lija ndimaganiza za manja awo.

Usaganize kuti khonde anabwera nalo ndi azungu. Ngakhale dzina lenilenilo anatengera kwa ife, mpaka lero pa Chizungu cha m'Malawi muno amangoti khonde. Nyumba ya agogo ako ku Chisitu inali yadothi, koma udzu wa denga unkatsika mpaka munthu wamtali kuwerama polowa, mizati itazungulira. Amayi ako ankazira khondelo ndi dothi lakuda, likauma n'kumawala. Tinkakazingira chimanga pomwepo mvula ili pwata-pwata, khoma lili gwa, louma.

Azungu a tiyi anaona zimenezo n'kutengera. Kuyambira pamene Henry Brown anabzala tiyi ku Thornwood mu 1891, nyumba za mabwana a m'maesiteti zinkamangidwa chimodzimodzi: maziko aatali, khoma lochindikala, khonde lalikulu. Ku Thyolo, ku Satemwa, nyumba ya Huntingdon ya mu 1928 anthu akugonamo mpaka lero. Sindikutamanda nthawi imeneyo ayi. Inali nthawi ya thangata, ndipo agogo athu amene ankasenza njerwazo ankagona m'makomboni, kachipinda kamodzi banja lonse, utsi uli tolo. Chimene chikundiwawa n'chakuti lero Mulungu wakupatsa mphamvu yomanga nyumba yoposa ya bwana, iwe n'kusankha kuchotsa chinthu chokhacho chimene chinali chathu kuyambira kale.

Ndipo si iwe wekha. Ukadzabwera pa Chitakale udzasochera. Paja panali masitolo owerengeka pa mphambano yopita ku Likhubula, lililonse ndi khonde lake kutsogolo, telala atakhala ndi makina ake, tepi ili m'khosi, anthu atausa mvula akucheza naye. Ku Limbe ndi ku Luchenza, matauni amene anakula chifukwa cha njanji, masitolo akale a amwenye ndi otero ndithu. Atsopanowa ndi magalasi okhaokha, khoma kufika pa msewu penipeni, ngalande palibe. Dzana mvula yowaza itayamba ndinaona mayi wina ali ndi mwana kumbuyo, dengu la nthochi pamutu, akuthamanga kudutsa masitolo anayi osapeza pobisala. Telala amene ankatisokera yunifolomu uja pano amasokera kunyumba, akuti makasitomala anatha. Aliyense akungomanga pamene wagula, ena m'mphepete mwa mtsinje mwenimweni, ngati kuti Freddy uja wa mu March 2023 sanatiphunzitse kanthu. Anthu a ku Chilobwe, m'tsinde mwa phiri la Soche, anakwiririka ndi matope usiku ali m'tulo, ndipo kuno ndi ku Phalombe miyala inatsika m'phiri yaikulu ngati nyumba. Puloti yako ili pamtunda, pamenepo tithokoze, komabe madzi ochokera kumtunda ayenera kupatsidwa njira yawo tisanakumbe maziko.

Paja mlongo wako wachira, ndi mwana wamwamuna, onse ali bwino. Chiliza cha malume tidzamanga mu September.

Za mafelemu, iwala za mkungudza. Ndikudziwa ukufuna fungo lija la m'nyumba ya abusa, komanso chiswe sichiugwira. Koma m'phirimu unatha, mnzanga, anaudula mpaka zitsa, ndipo kugula matabwa ake ndi mlandu. Tiika achitsulo. Njerwa zowotcha nazo ndikukayika. Uvuni umodzi umadya mitengo yambiri, ndipo boma linaletsa kale njerwazi pa zomanga zikuluzikulu mu 2018. Mmisiri akuti tiumbe mabuloko, koma mmisiriyo ndiye wandikwiyitsa: ndinamupatsa ya mchenga Lolemba, wabweretsa wosakanikirana ndi dothi, ngolo ziwiri zathunthu, kenaka foni yake yazima. Wilibala yanga anabwerekanso, yabwera tayala litaphwa.

Koma zonsezi n'zazing'ono. Ine nkhawa yanga ndi khonde basi. Amayi ako maso ayamba kuchita khungu, tsiku lonse amakhala panja kuothera dzuwa n'kumalonjera odutsa, amawazindikira ndi mawu okha. M'nyumba yako yatsopanoyi adzakhala pati? Uwatsekere pabalaza ndi wailesi ya kanema imene sakuiona? Alendo odzafunsira mbeta ana akowo udzawalandirira pati? Pa maliro a bambo ako, iwe utalephera kubwera chifukwa cha mapepala, mvula inagwa usiku wonse. Azimayi anali m'nyumba akuimba, ife amuna tinapanikizana pakhonde laling'ono lija, mapazi okha akunyowa, moto tikuusonkhezera pambali mpaka kunacha. Ndinakhala pamalo pako usiku umenewo. Sindinakuuzepo, koma pamene ndinaona pulani yakoyi ndi zimene zinandibwerera.

Ndiye ndajambula ndi pensulo kumbuyo kwa pepala lako: mamita awiri kutsogolo, nsanamira zinayi, ndi lina laling'ono kukhitchini loti alamu azitsukirapo mbale. Malata adzawonjezekera pang'ono, ndikudziwa, koma ukachotsa zipilala ziwiri zapageti zija ndalama yake ikwana. Usandiyankhe pa WhatsApp ndi kachala kaja, undiimbire Lamlungu tikaweruka ku tchalitchi.

Magetsi azima, kandulo yatsala chala chimodzi, pepala nalo latha. Mbali ya kum'mawa, kumene kumachokera mphepo ya chiperoni, ndimafuna ndikuuzenso kuti zenera lalikulu lija

Ndine mnzako,
bambo a Mphatso