Kalata Yothokoza Kampani ya Sitima za Maulendo Aatali a Panyanja

Kwa Akuluakulu a Kampani,

Talemba kalatayi m'malo mwa gulu la anthu amene tinakwera sitima yanu pa ulendo wodutsa mu ngalande ya Panama kulowera ku nyanja ya Pacific. Tikuyamikira mmene munakonzera moyo wa tsiku ndi tsiku m'sitimamo, makamaka masiku amene sitima siima padoko. Luso la kampani limaonekera pamenepa. Padoko anthu amakasangalala okha mumzinda, koma pakati pa nyanja, monga kuchoka ku gombe la America kupita ku Hawaii komwe pamapita masiku anayi kapena asanu osaona mtunda, chakudya, chisangalalo ndi mtendere wa aliyense zimakhala m'manja mwanu.

Nkhani ya nthawi munaigwira bwino. Sitima ikamalowera kumadzulo, wotchi imabwezedwa ola limodzi pa madigiri pafupifupi 15 aliwonse a pa mapu a dziko, ndipo ikadutsa mzere wosinthira tsiku, pafupi ndi madigiri 180, tsiku lathunthu limadumphidwa: munthu amagona Lolemba n'kudzuka Lachitatu. Foni zambiri zimasintha nthawi zokha potengera netiweki imene zagwira, choncho zimasiyana ndi wotchi ya m'sitima. Mapeto ake munthu amaphonya mgonero, kapenanso amasiyidwa padoko, chifukwa sitima imanyamuka potsata wotchi yake. Inu munkalemba za kusinthaku pamwamba pa pologalamu imene inkafika m'chipinda madzulo, kaputeni n'kubwerezanso pa uthenga wake wa 12 koloko masana, pamodzi ndi malo amene tili, liwiro la sitima ndi zanyengo. Anamwino anu analangizanso odzibaya jekeseni wa shuga mmene angasunthire nthawi zawo pang'onopang'ono.

Pa zosangalatsa, chimene chinatigwira mtima si chionetsero chachikulu cha usiku ayi, ngakhale chinali chabwino ndipo chinkachitika kawiri kuti odya msanga ndi odya mochedwa onse aonere. Pa ulendo wa sabata imodzi chionetsero chotere chimakwanira. Pa ulendo wa miyezi anthu amatopa nacho ikamafika sabata yachitatu, ngakhale mutamasintha oyimba ndi anthabwala pamadoko monga munkachitira. Zimene zimasunga anthu ndi zinthu zoti lero zipitirize za dzulo. Kwaya ya okwera inkaphunzira nyimbo tsiku lililonse la panyanja n'kudzayimba pamaso pa onse kumapeto. Mpikisano wa mafunso unkasunga mapointi a magulu mpaka ulendo kutha, ndipo maphunziro a kuvina ankayamba ndi mapazi okha, kenako kugwirana, kenako nyimbo yothamanga. Apa ndi pamene anthu oyenda okha ankapezera anzawo odya nawo.

Nkhani za m'mawa munaziika pa nthawi yake. Tisanafike ku Panama, wokamba anafotokoza kuti ngalandeyi inatsegulidwa mu 1914, ndi yotalika makilomita pafupifupi 80, ndipo zitseko zake za madzi zimakweza sitima mamita 26 kufika pa nyanja ya Gatun, kenako n'kuitsitsa mbali inayo. Motero tsiku lodutsalo, lomwe limatenga maola 8 mpaka 10, anthu anaima pakhonde akudziwa chimene akuona. Nkhani yomweyo ikakambidwa sitima itadutsa kale imangokhala yodzazira pologalamu.

Masiku a mafunde munatiuza zoona. Ambiri amaganiza kuti zitsulo zotuluka m'mbali mwa sitima pansi pa madzi, zonga zipsepse za nsomba zija, zimathetsa kugwedezeka konse. Kaputeni anafotokoza kuti zimangochepetsa kupendekera kumanja ndi kumanzere, ndipo zimagwira bwino sitima ikamathamanga. Kukwera ndi kutsika kwa mutu wa sitima sizingakuletse. Popeza holo ya zionetsero ili kutsogolo, kumene kugwedezekako kumakula, munaimitsa ovina ndi odumpha m'mwamba n'kuika woyimba ndi piyano m'chipinda cha pakati. Dziwe losambira munalikhuthula madzi asanayambe kukhavukira panja. Timatumba tosanziramo tinali pa masitepe onse, ndipo langizo linali lolondola: khalani chapakati pa sitima, pa nsanjika za m'munsi, yang'anani kumene nyanja yakumana ndi thambo, idyani pang'ono zopanda mafuta, ndipo mankhwala a nseru imwani chizungulire chisanayambe.

Za ukhondo ena ankanyinyirika, koma ife tikuti munachita bwino. Kachilombo ka norovirus, kamene kamayambitsa kusanza ndi kutsegula m'mimba, sikafa msanga ndi sanitaiza. Chofunika ndi sopo ndi madzi kwa masekondi 20. N'chifukwa chake masinki a pakhomo la chipinda chodyera ndi othandiza kuposa botolo lopopera m'manja. Masiku oyamba antchito anu ndiwo ankagawa chakudya kuti supuni imodzi isagwiridwe ndi manja mazana. Wodwala ankakhala m'chipinda chake mpaka patapita tsiku kapena awiri zizindikiro zitatha, akumubweretsera chakudya komweko, ndipo simunamulipiritse kuchipatala. Mukanalipiritsa, anthu akanabisa matendawo n'kumakakhala nawo m'holo.

Tithokozenso kuti lamulo lililonse linkabwera ndi chifukwa chake. Zimbudzi za m'sitima zimakoka ndi mpweya kudzera m'mapaipi ang'onoang'ono, ndipo zipinda zingapo zimagwiritsa paipi imodzi, ndiye kansalu kopukutira kamodzi kamatsekera anthu onse a mzerewo. Simbi ndi zowiritsira madzi zobwera nazo n'zoletsedwa m'zipinda chifukwa panyanja palibe choopsa kuposa moto. Munthu akauzidwa choncho samazembetsa simbi m'chikwama. Chimodzimodzi kuyeserera zochita pa ngozi kwa tsiku loyamba, komwe malamulo a padziko lonse a chitetezo cha panyanja, otchedwa SOLAS, amafuna: aliyense anafika pamalo ake osonkhanira, anaona kavalidwe ka jekete yoyandamitsa, ndipo anamva kulira kwa chenjezo, kasanu ndi kawiri mwachidule kenako kamodzi motalika.

Pempho lathu ndi limodzi. Makina ochapira a okwera ndi ochepa pa ulendo wautali chonchi, ndipo mzere umakula m'mawa wa tsiku lotsatira doko, aliyense akafuna kuchapa nthawi imodzi. Pepala lolembetsa maola pakhomo lingathetse mikangano ya ochotsa zovala za anzawo m'makina.

Chonde mutifikitsire kuthokozaku kwa okonza m'zipinda, ophika buledi usiku, okonza mapaipi ndi a ku injini amene amasefa madzi a m'nyanja kuti tizimwa ndi kusamba.

Ndife,
Okwera sitima yanu pa ulendo wa ku Pacific