Kafukufuku wa alimi naye alandire thandizo

Mkonzi,

Ndalama za kafukufuku wa sayansi zisamangothera ku mapulojekiti akuluakulu okha, chifukwa anthu wamba nawonso amafufuza, ndipo nthawi zina amayamba ndi iwo.

Pamene mbozi zachilendo zinalowa m'minda ya chimanga mu 2017, ndinaona alimi kwathu akuyesa njira zosiyanasiyana: ena ankathira dothi kapena phulusa kunsonga kumene mbozi imabisala, pomwe ena ankawaza msuzi wa usipa kuti nyerere zibwere kudzagwira mbozizo. Ameneyo ndi kafukufuku ndithu, ngakhale kuti panalibe galimoto kapena alawansi. Chimene chinkasowa ndi munthu wowalangiza kuti asiye mizere ina yosathira kanthu, ayerekeze, ndi kulemba zotsatira, kuti tidziwe njira yogwiradi ntchito.

Sindikunyoza akatswiri a kumalo ofufuzira zaulimi a Chitedze kapena Bvumbwe, pakuti kutulutsa mbewu yatsopano kumafuna zaka zambiri ndi zipangizo zodula.

Pempho langa ndi lakuti bungwe la boma loona za sayansi la National Commission for Science and Technology lipatule ndalama zochepa zothandizira alimi, amisiri ndi aphunzitsi ofufuza paokha, mafomu ake akhale a m'Chichewa ndi Chitumbuka, ndipo alangizi a zaulimi azitengera zotsatirazo kwa akatswiri kuti akazitsimikize.

Wowerenga,
Dedza