Pempho la komiti ya sukulu: tithandizeni kubwezeretsa mthunzi pabwalo

Kwa inu nonse amene munaphunzira pano, makolo ndi ena onse akufuna kwabwino,

Mbawa ija ya pakati pa bwalo, imene munkasonkhana pansi pake m'mawa, inagwa ndi mphepo. Inagwera nazale ya mitengo ya ana athu n'kuphwanya denga ndi mbande zonse za m'machubu. Mbande zimene tinalonjezedwa chaka chatha sitinazione mpaka lero. Pano bwalo lili mbee, ndipo makalasi a kumadzulo likapendeka dzuwa ndi ng'anjo.

Mtengo uja unalinso chophunzitsira. Ana a Sitandade 5 ndi 6 amaphunzira chifukwa chimene mzinda umatenthera kuposa madera ouzungulira. Tala, konkire ndi njerwa zimamwa dzuwa tsiku lonse n'kumatulutsa kutenthako usiku, n'chifukwa chake khoma limakhalabe lofunda kutada kale. Mtengo umatchinga dzuwa lisafike pansi, komanso masamba ake amatulutsa madzi ngati nthunzi. Madziwo akamauluka amachotsa kutentha, monga limachitira thukuta pathupi.

Zimenezi pabolodi pokha mwana sazigwira. Aphunzitsi amamanga pepala la pulasitiki loonekera mkati kunthambi ya masamba ambiri, ndipo pakatha maola awiri kapena atatu madontho amakhala ataundana m'katimo. Kenako ana amayeza kutentha malo atatu, pakonkire, paudzu ndi pamthunzi, nthawi ya 1 koloko masana, sabata yathunthu. Themomita iyenera kukhala mita imodzi ndi theka kuchokera pansi malo onsewo, ndipo iphimbidwe ndi katoni. Ikawombedwa ndi dzuwa imaonetsa kutentha kwa galasi lake, osati kwa mpweya, ana n'kulemba manambala abodza. Kusiyana kwa mpweya kumakhala kochepa, koma mwana akagunda konkire ndi chikhato kenako udzu, safunanso womuuza. Tsono tilibe mthunzi woyezapo, ndipo themomita yatsala imodzi sukulu yonse. Kunena zimenezi n'zamanyazi.

Sitinangopinda manja. Makolo akumba kale mayenje 40, lililonse masentimita 60 m'lifupi, m'litali ndi kuya. Dothi lapamwamba laikidwa padera kuti lisakanizidwe ndi ndowa imodzi ya manyowa owolerana bwino, chifukwa aawisi amawotcha mizu. Mayenje atalikirana mamita 8, ndipo palibe lili pafupi ndi khoma kuposa mamita 5, kuopa mizu kung'amba maziko. Ambiri ali chakumadzulo kwa makalasi, kumene dzuwa lamasana limalowera.

Tikudziwa ena afunsa za mitengo imene inabzalidwa kale ija. Mbuzi zinadya nsonga, chiswe chinamaliza yofooka, ina inakwiriridwa ndi machubu ake mizu n'kupotana. Yotsalayo inkathiriridwa pang'onopang'ono tsiku lililonse, mizu n'kuzolowera kukhala pamwamba, chilimwe chitafika inauma. Ulendo uno mtengo uliwonse ukhala ndi ana awiri ouyang'anira, uzilandira malita 10 kawiri pa sabata nthawi yopanda mvula, ndipo udzu wophimbira usamakhudze tsinde.

Tikupempha mbande za mbawa ndi nsangu. Nsangu taisankha dala, chifukwa imakhala ndi masamba m'chilimwe pamene mitengo ina yayoyola. Bulugamu ayi: imamwa madzi ambiri ndipo mthunzi wake ndi wochepa. Tikufunanso waya wotchingira mtengo uliwonse, makeni othirira, wilibala, mapolo a nazale ndi mathemomita khumi. Amene angathe ndalama, iliyonse ithandiza.

Ana athu ena amene mbawa ija inawasunga pamthunzi zaka zisanu ndi zitatu lero ali m'maofesi ozizira, ndipo timanyadira. Timangowaona akudutsa pamsewu, magalasi a galimoto atatseka. Geti ndi lomwe lija. Mbande ziyenera kulowa m'dothi mvula ikangokhazikika, choncho chilichonse chimene mwakonza chifike kwa aphunzitsi aakulu kapena kwa wapampando wa komiti nthawiyo isanakwane.

Ndife,
Komiti ya sukulu