Waganyu si waulesi ayi

A Mkonzi,

Ine sindikugwirizana nazo zomwe ena akumalankhula pa wailesi zoti anthu akusauka chifukwa cha ulesi. Apite kumudzi mu Januwale akaone okha. Munthu nkhokwe yagwa kalekale, amasiya munda wake uli tchire nkukapalira wa mnzake wopeza bwino kuti ana adyeko madzulo, ndiye pokolola mwini munda uja ngolo tho, waganyu timatumba tiwiri, natonso tathera kubweza katapila. Chaka chamawa mumupezanso m'munda mwa eni, mwana wakenso wasiya sukulu akuthandiza ganyu yemweyo. Ulesi wake uli pati apa?

Kwacha itagwa ndi 44% mu Novembala 2023 amene anali ndi katundu mushopu anangosintha mitengo basi, koma kwathu kuno malipiro a ganyu anakwera mochita kukwawa.

Boma lionetsetse kuti fetereza wotsika mtengo ndi ndalama za Mtukula Pakhomo zizifika mvula isanagwe, munthu azilima pake. ADMARC nayo izitsegula misika nthawi yokolola yomweyo mavenda asanatole chimanga pa mtengo wolira.

Wodandaula,
Dedza