Ndalama ya chimbudzi ija ili kuti?

Achemwali,

Ndikhulupirira mwadzuka bwino nonse, amayi ndi ana omwe. Ine kuno ku Durban ndiliko. Tinalandira Lachisanu ndipo ndatumiza kale pa Mukuru, koma musathamangire kukatapa musanamalize kalatayi.

Mnyamata uja amatinyamulira katundu pa basi wabwera dzana. Akuti potsika ku Chitakale anadzera pakhomo. Dzenje lidakali lolekeza m'chiuno, madzi ali tho, achule ndiwo akhala eni ake. Simenti sanaione ngakhale thumba limodzi. Chimene anaona ndi chiwailesi chatsopano chikulira pakhonde, alamu ali gone pamkeka. Mu June ndinatumiza R3,000 ndipo ndinanena momveka kuti ndi ya simenti, njerwa, waya wa silabu ndi wokumba. Sindikuti alamu aba, musakawauze choncho. Ndikungofunsa kuti wailesiyo yagwa ndi chiperoni kodi?

Chimbudzi chinagwa ndi Freddy mu March 2023. Mpaka lero amayi, ndi mawondo awo aja, azikagogoda kwa anthu oyandikana nawo kapena kutsikira ku nthochi usiku? Matenda a kolera aja anapha anthu oposa 1,700 kwathu ku Malawi mwaiwala kale, chonsecho maliro ena munakhuza nokha.

Inu mukamva kuti ndimagwira padoko mumayesa ndimakhalira kuonerera sitima zapamadzi. Ntchito yanga ili pansi pa nthaka. Zoipa zonse za m'zimbudzi za padoko, za m'maofesi, m'mashedi, mokhala madalaivala a mathiraki, zimayenda m'mapaipi a suweji. Malo ake ndi otsika, m'mphepete mwa nyanja penipeni, ndiye sizingatsetsereke zokha, mpaka mapampu azikankhe kupita kumene amakazisefa. Magetsi akazima jenereta n'kukana kulira, chitsime cha pampu chimadzaza tikuona. Chimatseka mapaipi kwambiri ndi mafuta ophikira. Amawathira m'sinki ali amadzi, akazizira amauma gwa, n'kugwirana ndi nsanza, matewera ndi mchenga. Timabwera ndi galimoto ya paipi yothamangitsa madzi mwamphamvu kuti tiswe, zotsala timakokolola ndi manja. Madzi osefukira a April 2022, aja anapha anthu oposa 400 kuno, anaphwanya mapaipi ndi mapampu a mumzinda, zoipa n'kumathira m'nyanja mpaka anatseka magombe osambirako. Ndiye ine nditsuke zimbudzi za eni dziko, kwathu kulibe n'chimodzi chomwe?

Mbuzi yaikazi ija musagulitse. Ndamva kuti wina akuifunsa.

Zotsatirazi musawauze amayi. Mwezi watha ndinagona m'chipatala masiku awiri. M'maenje a suweji mumakhala mpweya wonunkha ngati dzira lovunda, ndipo ukachuluka mphuno imasiya kuumva, umayesa mwayera. Lamulo ndi lakuti uyambe watsitsa kamakina koyezera, upopere mphepo, umange lamba, mnzako agwire chingwe pamwamba. Tsikulo kapitawo anali pachangu, mathiraki atandandana kudikira kuti titsegule msewu. Tinayeza pamwamba pokha. Nditatsika n'kuvundula matope ndi fosholo, kamakina kanayamba kulira pachifuwa, miyendo n'kulefuka ngati ndamwa kachasu wosadyera. Ndinadzidzimukira pa simenti, mnzanga wa ku Mozambique akundiwaza madzi kumaso, akulankhula Chilomwe chenicheni chonga cha agogo. Masiku awiriwo anandidula pamalipiro. R3,000 imachokera mmenemo, achemwali. Agogo anapita ku Joni pa Theba kukalowa mumgodi wa golide, mdzukulu akulowa mumgodi wa manyi, koma ndalama yake imawawa chimodzimodzi.

Tsono mverani. Ulendo uno ndatumiza R2,200 m'dzina lanu. Pokatapa mupite ndi amalume, alamu atsale. Simenti mukagule tsiku lomwelo ku Limbuli kapena pa boma, kumene yatsikako, ndipo lisiti mulijambule munditumizire pa WhatsApp. Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, ndikudziwa zinthu zinakwera, koma musandiuze kuti kugwa kwa kwacha ndiko kwadya njerwa.

Dzenje lakale lija likwiriridwe, lili pafupi kwambiri ndi chitsime. Mukumbe kumunsi, cha kumtengo wa peyala, mamita 30 kuchoka pachitsime. Mufunse alangizi a zaumoyo adzaloze okha malo. Amange njerwa m'kati kuchokera pansi, dothi lathu lija likakhuta madzi limagumuka. Pabowo pakhale chivindikiro, panja mpondagiya ndi sopo, sopo akasowa phulusa. Wokumba mumulipire theka poyamba, theka akamaliza. Zonsezi zithe mvula isanagwe.

Fizi ya mtsikana ndi yapadera, ili mu R2,200 momwemo R500. Musaiphatikize ndi za ndiwo.

Kuno kukachita mitambo kunyanja ndimangoona phiri litafunda nkhungu m'mawa, amayi akuwotcha chinangwa, ife tikuthamangira ku esiteti mame ali m'miyendo. Ndalakalaka kalongonda. Mnyamata wa basi akamabwerera mumupatsire nandolo wouma ndi tiyi pang'ono, wa kuno sakoma. Za December sindinganeneretu, zitengera mapepala ndi mmene muyendetsere ndalamayi. Ndikapeza dzenje lili momwemo, nkhani tikakambira kwa amfumu, ndipo alamu adzafotokoze okha pamaso pa ankhoswe.

Amayi muwagulire mankhwala opaka mawondo, muwauze kuti ndanenepa. Wailesiyo mufunse mtengo wake mundiuze.

Ndine mlongo wanu,
ku Durban