Kwa mwana wanga ku Leicester, za ndalama zija ndi mawu amene unalemba

Mwana wanga wokondedwa,

Kuno tonse tili bwino, ndipo mwendo wa bambo ako wasiya kutupa. Ndikukulembera chifukwa cha zimene azakhali ako anandiuza Lamlungu potuluka m'tchalitchi. Usawakwiyire, anachita bwino kundiuza. Akuti mnzako wa kuntchito uja, amene unkamutama kuti ndiye anakupezera chipinda, anatenga mapaundi 300 kwa iwe ndipo tsopano akukuzemba. Anandionetsanso uthenga umene unamulembera pa WhatsApp. Ndalamazo zandipweteka mtima, pakuti ndikudziwa kuti umazipeza uli chiimire usiku wonse kusamalira okalamba. Koma chimene chandisowetsa tulo ndi uthengawo. Unalemba kuti, "I borrowed you £300 last month, when are you giving me?" Munthu wa ku England akawerenga mawu amenewa sangadziwe kuti wangongole ndi ndani pakati pa inu awiri.

Vuto likuchokera kwathu kuno. Ife timati "ndabwereka khasu kwa aneba", timatinso "aneba andibwereka khasu", mawu amodzimodziwo mbali zonse ziwiri, ndipo palibe amasokonezeka. N'chifukwa chake ana asukulu ambiri amati "borrow me your pen". Iwenso unkatero uli mu Sitandade 6, ndipo ndinkakubweza mpaka unkakwiya. Chingerezi chili ndi mawu awiri ndipo salowana m'malo. Kuti usaiwale, usaganize za kubwereka, ganiza za kukongola ndi kukongoza. "Borrow" ndi kukongola, chinthu chikubwera kwa iwe. "Lend" ndi kukongoza, chinthu chikuchoka kwa iwe kupita kwa mnzako. Iwe unakongoza, choncho mawu ako ndi "lend".

Tsopano ona mmene mawuwa amaimira m'chiganizo, chifukwa apa ndi pamene unagwera. Pambuyo pa "lend" ukhoza kuika munthu kenako chinthu: "I will lend you £20." Ukhozanso kuyamba ndi chinthu, koma ukatero uike "to" usanatchule munthuyo: "I will lend £20 to Mary." Zonsezi n'zolondola. "Borrow" safuna kuti munthu amutsatire pompo. Chimabwera ndi chinthu, kenako "from", kenako munthu: "She borrowed £300 from me." Ukaika munthu pafupi ndi "borrow", tanthauzo limapita kwina. "I borrowed you a ladder" ndiye kuti ndinapita kwa munthu wina n'kukakubwerekera makwerero. Motero uthenga wako wina angaumve kuti unakakongola ndalamazo kwina m'malo mwa mnzakoyo. Wina angaganize kuti unangoiwala "from", kuti umafuna kunena kuti iwe ndiwe unakongola kwa iye. Ukuona? Mnzakoyo atafuna kuipa mtima akhoza kuonetsa anthu uthenga wako womwewo n'kunena kuti wangongole ndiwe.

Za kale zimanenedwa motere: "borrow" amakhala "borrowed", koma "lend" amakhala "lent", ndi t kumapeto. Kulibe "lended". Ndipo samala ndi l ndi r, poti lilime lathu silizisiyanitsa. Ukalemba "rent" m'malo mwa "lent", foni siikukonzera ayi, chifukwa "rent" ndi mawu enieni, ndi lendi ya nyumba. Chimodzimodzinso "owe" ndi "own". "You owe me £300" ndiye kuti uli ndi ngongole yanga ya mapaundi 300. "Own" ndi kukhala mwini wa chinthu. Chilembo chimodzi chokha, koma chiganizo chonse chimafa. Uziwerenga kawiri usanatumize, ndiwe wothamanga kuyambira kale.

Mawu ena amene ndikufuna uwataye pa nkhani ya ndalama ndi "gave". Ife timati "ndinakupatsa ndalama zija" ndipo tonse timadziwa kuti n'zobweza. Ukalemba "I gave you £300", wapatsa munthu njira yothawira, adzangoti inali mphatso. Ngati ndalama zibwezedwa, mawu ake ndi "lent", ndipo ndalamazo dzina lake ndi "loan". Kubweza ndi "pay back": "Please pay me back." Ona kuti "me" amalowa pakati. Sitinena "pay back me". Ndipo funso lako lija, "when are you giving me?", latsala m'malere, silikunena kuti akupatse chiyani. Unayenera kufunsa kuti, "When will you pay me back?"

N'chifukwa chiyani sunandifunse usanapereke? Mapaundi 300, mwana wanga! Unali wotero kuyambira uli wamng'ono. Juzi yako ya ku sekondale ija unabwereketsa mnzako m'mwezi wa Juni, iwe n'kumanjenjemera teremu yonse osatiuza. Mtima wako ndi wabwino ndipo ndimathokoza Mulungu chifukwa cha mtimawo. Koma kumeneko ulibe amalume oti akakuitanitsire ngongole, ulibe anyakwawa oti akhazike anthu pansi. Mboni yako ndi zimene walemba basi.

Chita izi sabata ino. Choyamba, usafufute uthenga uliwonse, ngakhale wolakwikawo, ndipo ujambule zonse zimene munalemberana. Chachiwiri, yang'ana pa akaunti yako ya kubanki tsiku limene unatumiza ndalamazo. Ndikukhulupirira kuti unatumiza pa banki, osati kumupatsa pamanja. Chachitatu, mulembere uthenga watsopano, waufupi, wopanda chipongwe, wokhala ndi zinthu zinayi: wokongoza ndani, ndalama zingati, tsiku liti, abweza liti. Mwachitsanzo: "I lent you £300 on 5 March. Please pay me back by 30 April." Masikuwo uike enieniwo, ine ndangoyerekeza. Mwezi uulembe ndi mawu, osati manambala okhaokha. Kenako umufunse kuti, "Do you agree that you owe me £300?" Akangoyankha kuti "Yes", kapena akati "I will pay you next month", wavomera ngongoleyo molemba. Usamuimbire foni pa nkhani imeneyi, mawu a pafoni satsala. Akati sangathe zonse nthawi imodzi, mugwirizane pang'onopang'ono ndipo mulembe: "£100 a month for three months, starting on 30 April."

Kamawu kakuti "by" kasakusokoneze ndi "until". "Pay me back by Friday" ndiye kuti Lachisanu lisadutse, akhoza kubweza Lachitatu kapena Lachinayi, koma malire ndi Lachisanu. "Until" amanena za chinthu chopitirira mpaka nthawi ina: "You can keep it until Friday", ukhoza kukhala nacho mpaka Lachisanu. "Pay me until Friday" sizikunena zimene ukufuna. Pa kubweza ndalama, mawu ako ndi "by".

Akakanitsitsa, njira ilipo. Ku England ngongole zosapitirira mapaundi 10,000 zimaweruzidwa ku khoti mwa njira imene amati "small claims", ndipo sipafunika loya. Pali ndalama yolipira potsegula mlanduwo, ndipo lamulo limapereka zaka 6 zoti munthu akasume pa ngongole yotere. Usanafike kumeneko pita ku bungwe la Citizens Advice, amalangiza ulere. Sindikukutuma kuti uthamangire ku khoti ndi munthu amene mumagwira naye ntchito. Ndikungofuna udziwe kuti woweruza adzawerenga mawu ako monga momwe alembedwera, sadzafunsa kuti kwanu ku Malawi mumanena bwanji.

Pa zinthu zazing'ono za tsiku ndi tsiku lamulo ndi lomwelo, ndipo ukazolowera pamenepo sudzalakwa pa ndalama. Popempha, yang'ana amene watchulidwa koyamba. Ukayamba ndi "I", tsatira ndi "borrow": "Can I borrow your pen?" Ukayamba ndi "you", tsatira ndi "lend": "Can you lend me your pen?" Kwa abwana kapena munthu wamkulu nena "could" m'malo mwa "can", n'kuwonjezera "please". Ndipo "borrow" ndi wa chinthu chimene utenga, n'kuchoka nacho, n'kudzabweza. Chimene uchigwiritse ntchito pomwepo chimafuna "use": "Can I use your microwave?" Nyumba kapena chipinda cholipira mwezi ndi mwezi sichibwerekedwa, chimenecho ndiye "rent". Uzinena ziganizo zimenezi mokweza ukamaphika, zisanu kapena khumi pa tsiku, mpaka pakamwa pazolowere.

Koma chimene ndikufunitsitsa uphunzire ndi kukana. Ndikukudziwa, ukapemphedwa umati "tiona", ndipo pa Chingerezi umati "I will see" kapena "maybe later". Wopemphayo amamva kuti khomo likadali lotsegula, mawa abweranso. Angerezi amakana mwaulemu koma momveka. "I'm sorry, I can't lend you any money." Kapena, "I'm afraid I can't." Pamenepa "afraid" si mantha ayi, ndi kufewetsa chabe mawu okana. Ukhozanso kunena kuti "I'd rather not", kusonyeza kuti sukufuna. Ndipo pali kusiyana pakati pa "I can't lend" ndi "I don't lend". Woyambayo akunena za lero lokha, ndiye munthu adzadikira tsiku la malipiro. "I don't lend money" akunena khalidwe lako la masiku onse, ndipo wopempha sapeza pogwira. Usapereke zifukwa zambiri. Ukati lendi yakwera, adzakuuza kuti abweza lendi isanakwane. Ukati ukutumiza kumudzi, adzakuuza kuti kumudzi adikire. Kana kamodzi, usinthe nkhani.

Pali mapempho awiri amene amabwera ndi mawu ofewa omwewa koma ndi oopsa kuposa mapaundi 300. Loyamba ndi lakuti, "Can I use your account?" Munthu amati ndalama zake zingodutsa pa akaunti yako, iwe uzitumize kwina, akupatsako pang'ono. Amene amavomera zimenezi kumeneko amamutcha "money mule". Ngati ndalamazo ndi zakuba, mlandu umagwera mwini akaunti. Banki ikhoza kutseka akauntiyo, dzina lako n'kuikidwa chizindikiro ku Cifas, bungwe lolimbana ndi chinyengo pa ndalama, chimene chimatha kukhala zaka 6, ndipo nthawi yonseyo kutsegula akaunti ina kumavuta. Malipiro ako adzalowa kuti? Lamulo la Proceeds of Crime Act la 2002 limalola chilango chofika zaka 14 kundende pa mlandu wozembetsa ndalama zoipa. Iwe uli kumeneko pa viza ya ntchito, ganiza bwino. Lachiwiri ndi lakuti, "Can you be my guarantor?" Adzakuuza kuti ungosaina ngati mboni. Si mboni ayi. "Guarantor" ndi munthu wolonjeza kuti wangongole kapena walendi akalephera, alipira ndi iye. Mboni ndi "witness", ndipo imeneyo siilipira kanthu. Usasaine pepala lililonse lokhala ndi mawu akuti "guarantor" kapena "guarantee" usanapite nalo ku Citizens Advice. Yankho la mapempho onse awiriwa ndi lomwe lija, "I'm afraid I can't."

Iwenso usakongole kwa anthu akatapila, ngakhale atakhala Amalawi anzako a kutchalitchi. Kumeneko munthu wochita malonda okongoza ndalama ayenera kukhala ndi chilolezo cha bungwe la Financial Conduct Authority, ndipo wopanda chilolezocho amatchedwa "loan shark". Ukapanikizika ndi ndalama undiuze ine. Mwezi umenewo usatumize kalikonse kuno, chimanga tili nacho, sitifa ndi njala. Ndikubwerezanso, usakongole n'cholinga choti utitumizire.

Mnzakoyo usadane naye, ndipo usakafalitse nkhaniyi kuntchito, mumagwira shifiti imodzi ndipo mudzafunana. Umupatse moni monga kale. Koma ndalama ina asaione, ngakhale paundi imodzi, mpaka atabweza zonse, ndipo ngakhale atabweza. Ndikudziwa kuti ukuona ngati uli naye mangawa chifukwa cha chipinda chija. Unamuthokoza kale, ndipo chipindacho ukulipira wekha.

Uthenga watsopanowo ukaulemba unditumizire kaye ndiuone usanamutumizire, ndiyang'ane "lent" ndi "owe" ndi tsikulo. Undiuzenso ngati ndalamazo zinadutsa pa banki kapena unamupatsa pamanja, chifukwa ngati zinali pamanja ndiye kuti yankho lake lovomera ndilo umboni wako wokhawo, ndipo tiyenera kulemba mosamala kwambiri. Bambo ako sindinawauze, udzawauze wekha ukakonzeka. Mng'ono wako akupereka moni, akuti jekete ija yamukwana. Uzivala zofunda ukamapita ku shifiti ya usiku.

Ndine,
Mayi ako