Dandaulo pa Maloko Amene Munaika pa Nyumba Yanga ku Kapata

Kapata,
Chipata.

Kwa a Manijala,
Kampani yogulitsa ndi kuika maloko,
Chipata.

Olemekezeka a Manijala,

Ndalemba kalatayi chifukwa ndafika kushopu kwanu kawiri, ndaimbanso foni kangapo, koma nthawi zonse ndimangouzidwa kuti mmisiri wapita ku Katete ndipo abwera mawa. Mu Okutobala ndinalipira K4,600 kuti muchotse maloko akale pa zitseko zinayi za nyumba yanga n'kuikapo amakono a silinda (kachitsulo kolowetsamo kiyi kamene kamadutsa m'chitseko), ndipo lisiti yake ndili nayo.

Sindinasinthe malokowo pofuna kukongoletsa nyumba. Akalewo anali a maliva awiri, aja a makiyi aatali amene munthu amatha kugula m'mashopu a hadiweya pongotchula nambala yolembedwa pakiyi, ndipo m'nyumbamo mwadutsa alendi ambiri amene sindikudziwa ngati anabweza makiyi onse. Ndinkafuna chitetezo. Wogulitsa wanu ananditsimikizira kuti maloko atsopano adzalowa bwinobwino m'malo mwa akale popanda kuwononga chitseko, koma palibe amene anabwera kudzayeza ntchito isanayambe.

Apa mpamene panagona vuto lonse. Pa maloko akale, kuchoka m'mphepete mwa chitseko kufika pakati pa bowo la kiyi panali mamilimita 44, pamene amene munabweretsa ndi a mamilimita 57. Mmisiri wanu ataona kuti sakukwana, m'malo mobwerera kushopu kukatenga oyenera, anatulutsa tchizulo n'kuyamba kugoba chitseko chakumaso, chomwe ndi cha mukwa ndipo anapala ndi malemu bambo anga. Anagoba mpaka thabwa lotsala mbali imodzi linapyapyala moti mukalidina ndi chala limapindika. Bowo lakale la kiyi analitseka ndi utuchi wosakaniza ndi guluu, ndipo mvula yoyamba ya Novembala itangomenya chitsekocho, zonsezo zinathothoka. Tsopano usiku tikayatsa getsi pabalaza, munthu woima pakhonde atha kusuzumira m'nyumba kudzera pabowolo, ndipo ana aikapo kansanza.

Mafelemu a nyumbayi ndi achitsulo, choncho bowo lolandira mpiringidzo wa loko silisuntha chisawawa. Pachitseko chakukhitchini mpiringidzowo ukugunda m'mphepete mwa bowo, moti kuti kiyi azungulire pamafunika kunyamula chitseko ndi bondo kwinaku mukukoka handulo. Ine ndimakwanitsa, ngakhale movutikira, koma amayi anga, amene ndi okalamba ndipo amatsala okha masana, sangathe. Amangotchingapo mtondo n'kukhala pansi kudikira kuti wina abwere. Mmisiriyo anandiuza kuti chitseko chatupa ndi chinyezi. Ndikudziwa kuti matabwa amatupa m'dzinja, koma vutoli linayamba tsiku lomwelo la ntchito, Okutobala ali pakati, dzuwa likuswa mtengo.

Chimene chikundisowetsa tulo kwambiri ndi masilinda. Pa zitseko ziwiri zakunja silinda yatulukira pafupifupi sentimita yathunthu kunja kwa chitsulo cha handulo, pamene siyenera kupitirira mamilimita 3. Silinda yamtunduwu ndi yofooka pakati, pomwe pamadutsa sikuluu yoigwira, ndipo ikatulukira chotere wakuba amangoikanikiza ndi pulayasi n'kuithyola mosataya nthawi. Kunena zoona, loko wakale uja, ngakhale anali wotsika mtengo, analibe pogwira potere. Kuwonjezera apo, sabata yatha tinatulukira mwangozi kuti kiyi wa chipinda cha mlendi akutsegulanso sitolo momwe ndimasungira chimanga ndi feteleza, ngakhale ndinanena momveka kuti chitseko chilichonse chikhale ndi kiyi wakewake.

Maloko akale anayi aja mmisiri wanu anawaika m'chikwama chake n'kupita nawo osandipempha.

Lamulo la Competition and Consumer Protection Act la 2010 limaletsa kugulitsa katundu wosayenera ntchito imene wagulidwira, ndipo limafuna kuti ntchito yolipiridwa igwiridwe mosamala ndi mwaluso. Potsatira zimenezi, ndikupempha kuti mutumize mmisiri wina, osati yemwe uja, adzayeze zitseko zonse ine ndilipo, adzaike maloko a muyeso woyenera ndi masilinda osatulukira okhala ndi makiyi osiyana, ndipo kampani yanu ilipire kalipentala amene ndidzasankhe ndekha kuti akonze chitseko cha mukwa. Ngati simungathe kutero, mundibwezere ndalama zanga zonse pamodzi ndi maloko akale, kuti ndikafune thandizo kwina.

Ndidikira yankho lanu lolembedwa kwa masiku 14 kuchokera tsiku limene mulandire kalatayi. Akatha masikuwo, ndidzapereka nkhaniyi ku bungwe la boma loteteza ogula la Competition and Consumer Protection Commission, pamodzi ndi kope la lisiti ndi zithunzi za zitseko zonse zinayi, zimene ndaphatikizanso pa kalata ino. Mmisiri watsopanoyo angandipeze pakhomo Loweruka lililonse m'mawa.

Ine wanu wodandaula,

Mwini nyumba,
Kapata, Chipata.